Nyanja ya Vendelín

Dziko lathu lilibe gombe.
Kuno ku Ostrava madzi amene timawadziwa
ndi a mtsinje wotuwa wodutsa kuseri kwa mafakitale
ndi a m'mapaipi olira usiku.
Koma Vendelín, atapuma ntchito ya mumgodi wa malasha,
anakwera masitepe onse a nyumba yathu yosanja
atafukata bokosi lagalasi ngati khanda la eni,
nati: Mayi, sunthani makina osokerawo,
apa pakhala nyanja.

Nyanjayo inabwera m'thumba,
mchere woyera mbee.
Anauyeza pa sikelo yanga ya makeke,
magalamu makumi atatu ndi asanu pa lita,
nautakasa m'ndowa ndi chipande changa cha supu
osapempha n'komwe.
A Drahomíra a m'nyumba yapansi anadzagogoda:
denga langa likangodontha, mudzandidziwa.

Kenako miyala, yobooka ngati yadyedwa ndi njenjete,
yonunkha doko limene sitinafikepo.
Kenako pampu. Kenako nyali yabuluu.
Kenako basi.

Milungu isanu ndi umodzi tinaweta madzi okhaokha.
Anaponyamo kanyama ka nsomba kuti kawole,
ati tizilombo tosaoneka ndi maso tipeze chakudya,
tiswane, tikonzere malo eni ake.
M'mawa uliwonse, khofi asanamwe,
madontho asanu ndi atatu m'kabotolo,
khutchu khutchu, n'kukaunika pawindo.
Akadali obiriwira. Mawa.
Munthu amene sankatha kudikira basi mphindi zisanu!

Ndere zofiirira zitakuta galasi ngati litsiro la m'kapu ya tiyi
ndinati zaola, katayeni.
Iye anaseka mpaka chifuwa chake cha fumbi chinamutsamwitsa:
ayi, zayamba.

Usiku wina ndinamupeza atagwada pamphasa
nyali yake ya mumgodi ili pachipumi.
Bwera, usapume mokweza.
M'phanga la mwala munali kankhanu kochepa ngati nyemba,
kamene sitinagule, kamene palibe anakaitana,
kakupukuta kumaso ndi timanja take.
Kanayenda ulendo wonsewo kali phee m'dzenje,
ndipo iye ankakayang'ana ngati mnzake wa shifiti imodzi.

Tinagula nkhono zitatu.
Amati kuona maso a nkhono n'kudekha.
Ine ndinawaona Lachinayi masana, ndikusita malaya,
timadontho tiwiri takuda, tondiyang'ana mopanda chidwi.

Korali woyamba tinakamutenga kudepoti
kwa mnyamata wina, Radim,
amene anamutulutsa m'jekete, m'botolo la jamu, akadali wofunda.
Kanthu ngati chikhadabo, mtengo wa nsapato.
Masiku atatu kanafumbata nkhonya.
Lachinayi lake kanatambasuka,
timaluwa khumi ndi kamodzi tobiriwira, togwedezeka,
ngakhale Vendelín amakwiya ndikati maluwa.
Ndi nyama izi, zili ndi pakamwa.

Mu Januwale chipale chofewa chinadula mawaya.
Pampu zii. Nyali zii.
Tinafunditsa thanki bulangete la paukwati wathu,
ife tili m'majasi, mano akugundana.
Chipande chija chinabwereranso:
tunga, tsanula, tunga, tsanula,
kuti madzi apume.
Iye theka la ola, ine theka la ola.
Cha m'ma thuu koloko kunamveka kugogoda.
A Drahomíra, chovala chogonera, botolo la madzi otentha m'manja.
Si za inu ayi, anatero. Ndamva kuti muli kankhanu.

Magetsi anayaka kutacha.
Nkhono imodzi sinadzuke.

Nsomba sizinabwerebe. Akuti mu Epulo, mwina.
Madzulo madzi akatsika chala chimodzi
ndine ndimathiramo ena, opanda mchere,
pakuti mchere suuluka, umatsala.
Zimenezi anandiphunzitsa kawiri.
Kachitatu ndinamuuza kuti akagone,
chipandecho n'changa.